Vakabu inkagwira oyenda pansi

Ife amene tinakulira m'makomboni a mu Blantyre m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tinkadziwa kuti usiku uli ndi eni ake. Ikangokwana 10 koloko, mayi aliyense ankawerenga ana ake aamuna. Akuba ankawaopa ndithu, koma vakabu ankaiopa kwambiri. Galimoto ya apolisi inkangotulukira pakona, ndipo aliyense wopezeka mumsewu ankakwezedwa, kaya akuchokera ku mowa, kusiwa kapena kuchipatala. "Mukuchokera kuti nthawi ino?" Usanatsirize kuyankha, wina wakugwira kale lamba. "Mukafotokozera kutsogolo."

Amalume anga ankaphika buledi, ntchito yoyamba tambala asanalire. Tsiku limene anawagwira ndinaperekeza mayi kukawapatsa phala. Chimene ndimakumbukira ndi mulu wa nsapato ndi malamba kuseri kwa kauntala, ndi amalumewo akutuluka opanda nsapato, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisavuke. Kukhoti anavomera mlandu. Panalibe chimene analakwa, koma aliyense ankadziwa masamu ake: ukakana upita pa rimandi ndipo ntchito yatha, ukavomera ulipira faindi n'kukagona kwanu. Ndalama ya faindiyo mayi anakatenga pa katapila.

Usiku womwewo, mumsewu womwewo, munkadutsa magalimoto ochokera kumabala, akuyenda mokhotakhota. Palibe ankawaimitsa. Munthu wa galimoto anali bwana, ndipo bwana safunsidwa kumene akuchokera. Anthu ankachita kumutama kuti, "Awo ngakhale aledzere chotani, galimoto yawo imadziwa yokha njira yakwawo." Akagunda munthu tinkati ndi ngozi, tsoka silinunkha. Woyenda pansi amene sakanapha ngakhale nkhuku ankagona m'chitokosi, pamene amene wagwira chiwongolero maso ali psuu ankafika kunyumba n'kuimba hutala kuti amutsegulire geti.

Lamulo la vakabu silinabadwire kuno. Linachokera ku England, ku lamulo lawo la 1824 lothana ndi anthu oyendayenda, ndipo atsamunda analilowetsa m'malamulo a milandu a Nyasaland. Tinalandira ufulu mu 1964, tinasintha ndale mu 1994 n'kulemba malamulo aakulu atsopano, koma gawo 184(1)(c) linakhalabe pomwepo. Linkalola kumanga munthu wopezeka pamsewu kapena pamalo ena pa nthawi yochititsa wapolisi kuganiza kuti ali ndi cholinga choipa. Umboni wake unali maganizo a wapolisiyo basi.

Amene analigwetsa si phungu kapena nduna. Ndi Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, amene anamangidwa m'mamawa wina mu Malichi 2015 ali pa ulendo wopita ku Limbe kukagulitsa malonda ake. Iye anakana kuchita masamu amene amalume anachita. Mothandizidwa ndi bungwe la CHREAA ndi la Southern Africa Litigation Centre, nkhani yake inafika ku High Court, ndipo pa 10 Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti gawolo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu Disembala 2020 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, la ku Arusha, linanenanso kuti malamulo otere amalanga munthu chifukwa cha umphawi wake. Nditamva za chigamulo cha Gwanda ndinaimbira foni amalume, amene tsopano ali kumudzi. Anaseka kwa nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati boma libweze faindi yawo.

Mbali ya madalaivala nayo yasuntha, ngakhale mwakachetechete. Lamulo la pamsewu la 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto mowa ukafika magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi. Kale wapolisi ankadalira mphuno yake, ndipo mphuno imakanidwa mosavuta kukhoti. Lero atrafiki ali ndi kachipangizo kouzira. Ndinaona ndi maso anga pa rodibuloko nthawi ya Khirisimasi, bambo wa suti, mimba ili patsogolo, akuuzidwa ndi kamtsikana ka yunifomu kuti, "Uzirani apa, bwana." Anayesa kuseka, anayesa kutchula maina a anthu amene amawadziwa, mtsikanayo ali chigwirire kachipangizoko. Mapeto ake anauzira, ndipo makiyi anachoka m'manja mwawo. M'minibasi imene ndinakwera munabuka phokoso ngati timu ya Bullets yagoletsa.

Sindikunena kuti zonse zalongosoka. Tizipangizoti timaoneka kwambiri pa zikondwerero, ngati kuti mowa umaledzeretsa pa Khirisimasi ndi Isitala pokha, ndipo nkhani ya "ya Fanta" pamsewu tonse timaidziwa. Kwabweranso njinga zamoto za kabaza, zimene anyamata ena amayendetsa atayamba adutsa pa kachasu, mayi ndi mwana ali kumbuyo opanda chipewa. Kumbali ya oyenda pansi, gawo 180 lokhudza anthu osokoneza ndi ongokhala lidakalipo, ndipo mchitidwe wosesa anthu usiku sunatheretu. Wapolisi wofuna kumanga munthu wosauka sasowa dzina lopatsa mlandu.

Komabe funso lasintha. Kale lamulo linkafunsa kuti ndiwe yani ndipo ukufuna chiyani kuno usiku. Lero likuyamba kufunsa chimene wachita, ndi umboni wake. Mwana wa mchemwali wanga amadzuka 3 koloko kupita kukapikula tomato. Amayendabe ndi chitupa m'thumba ndi nambala ya foni ya amalume ake pamtima, koma amadziwanso kuti akamugwira ayenera kumuuza mlandu wake ndi kumufikitsa kukhoti pasanathe maola 48, ndipo amatha kunena zimenezo kwa wapolisi maso ndi maso.