Luso Losakaniza Ndowe Popanga Gasi Wophikira ku Biriwiri

Biriwiri ali pa msewu wa M1 m'boma la Ntcheu, pamene msewuwo umatsata malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo ndi dera lokwera la Angoni a Maseko, amene ng'ombe ndi chuma chawo kuyambira kale, ngakhale kuti mabanja ambiri lero amaweta mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Mmisiri wa bayogasi, mpweya woyaka umene umatuluka ndowe zikamawola pamalo potsekeka posalowa okisijeni, amagwiritsa ntchito zimene makola apereka, motero luso lake lenileni limaonekera pa kusakaniza kuposa pa kuyala njerwa. M'boma lomweli, pa msika wa Tsangano, kampani ya Green Impact Technologies mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya MUST inamanga thanki la bayogasi lodyetsedwa zinyalala za masamba, koma thanki la pakhomo limadya za m'khola.

Thanki la pakhomolo limamangidwa pansi ndi njerwa zootcha, denga lake lili lozungulira ngati mphika wovundikira, kamangidwe kamene kanafala kuchokera ku China, ndipo mkati mwa dengalo mmisiri amapakamo simenti kangapo, popeza gasi amathawira ngakhale pa mng'alu wosaoneka ndi maso.

Ndowe za ng'ombe ndizo nsima ya thanki, chifukwa zimabwera kale ndi tizilombo ta m'mimba mwa ng'ombe timene timapanga methane, mpweya umene umayaka, womwe umakhala magawo 50 mpaka 70 pa 100 alionse a bayogasi. Ndowezi zimasungunulidwa ndi madzi, ndowa imodzi ya ndowe pa ndowa imodzi ya madzi, mpaka zitakhala ngati phala, ndipo kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi imapereka malita a gasi pafupifupi 40. Zitosi za nkhuku ndi ndowe za nkhumba zimatulutsa gasi wochuluka, koma zili ngati mchere wa mu ndiwo, pakuti zitosi zili ndi nayitirojeni wambiri amene amasanduka amoniya, mpweya wonunkha ngati mkodzo wokhalitsa, ndipo amoniyayo akachuluka amafooketsa tizilombo tija mpaka moto kuzima. Akatswiri amati kaboni, chakudya chopatsa tizilomboto mphamvu, ayenera kuposa nayitirojeni maulendo 20 mpaka 30, ndipo ndowe za ng'ombe zili pafupi ndi mlingowu pamene zitosi zili pansi kwambiri, n'chifukwa chake mmisiri wosamala amayamba ndi za ng'ombe zokha ndipo zitosi amazionjezera pang'onopang'ono. Ndowe za mbuzi nazo zili ndi khalidwe lake, popeza timibulu take touma timayandama n'kupanga chikhakha chotsekereza gasi, motero timaviikidwa usiku wonse n'kuphwanyidwa tisanalowe.

Vuto limene eni makola sakonda kulimva ndi la mchenga. Khola la dothi limapereka ndowe zosakanikirana ndi mchenga, umene suwola koma umadikha pansi n'kumadya malo m'thanki chaka ndi chaka, ndiponso ng'ombe zimene zimaswera kubusa zimasiya m'khola ndowe za usiku zokha, kotero thanki liyenera kuyezedwa potengera ndowe zotoleka m'mawa, osati chiwerengero cha ziweto chimene mwini khola amanyadira.

Tizilombo ta methane timagwira bwino ntchito pa madigiri pafupifupi 35, pamene chisanu cha June ndi July m'mapiri a Ntcheu chimaziziritsa nthaka, gasi n'kuchepa. Mmisiri amathana ndi vutoli pomanga thanki pamalo owomba dzuwa, posungunula ndowe ndi madzi amene afunda padzuwa, komanso pokulitsa thanki kuti phala likhalemo masiku 50 kapena kuposerapo. Nthunzi yoyenda ndi gasi imasanduka madzi m'mapaipi, ndipo lawi likayamba kuphethira amatsegula kampopi koikidwa pamalo otsikitsitsa kuti madziwo atuluke. Phala lotuluka mbali ina ya thanki silinunkha ngati ndowe zaziwisi, ndipo alimi a mbatata ya kachewere ndi kabichi amalithira m'minda ngati manyowa.