Phunziro lonse m'thumba la malaya

Amene anakhalapo pa misonkhano ya maphunziro m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akukumbukira kuti wophunzitsa ankadziwika ndi katundu wake asanatsegule n'komwe pakamwa. Galimoto ikaima panja pa holo, munkatsika chimakina cholemera cha khosi lalitali, mpukutu wa mapepala akuluakulu opachika pathabwa, katoni ya zolembera za mitundumitundu ndi nthambo yaitali ya magetsi. Ochenjera ankasunganso babu lapadera m'chikwama, atalikulunga bwino m'kansalu. Pankafunika anyamata awiri othandiza kunyamula. Masiku ano munthu wa ntchito yomweyo amatsika pa kabaza ali chimanjamanja, phunziro lonse lili m'foni, ndipo m'thumba lina muli kawaya kamene kutalika kwake sikufika n'komwe pachigongono.

Chimakina cha khosi lalitali chija ambiri ankangochitchula kuti OHP. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kosavuta kumva. M'kati mwa bokosi munali babu lowala kwambiri ndi fani yoliziziritsa, pamwamba pa bokosilo panali galasi lalikulu, ndipo kumapeto kwa khosi kunali kalilole. Ukaika pepala la pulasitiki loonekera mbali zonse pagalasipo, kuwala kunkadutsa m'zolembazo, kukagunda kalilole, n'kukatera pakhoma la kumbuyo kwako. Mfundo yomalizayi ndi imene ndimaisowa kwambiri. Chithunzi chinali kumbuyo, pepala linali patsogolo pako, choncho nkhope yako inkayang'ana kwa anthu nthawi yonse. Unkaona amene wagwedezera mutu, amene wakwinya nkhope, ndi amene wayamba kuodzera cha kumapeto kuja.

Kukonzekera kwake kunali kwa usiku wathunthu. Mapepala apulasitiki aja anali odula ndiponso osowa, ndiye sunkalembapo chisawawa. Unkayamba wayesera papepala wamba, kuchepetsa mawu, kuwachepetsanso, kenako n'kutenga cholembera cha inki yosafufutika, kuika pepala la mizere pansi pa pulasitikiyo kuti zolemba zisapendekeke, n'kuyamba kulemba pang'onopang'ono mpweya utaugwira. Ukalakwitsa chilembo unkanyowetsa kathonje ndi sipiliti n'kupukuta mosamala kuti mawu oyandikana nawo asafufutike. M'mawa, pophunzitsa, unkaphimba pulasitikiyo ndi pepala loyera n'kumalikokera pansi mzere umodzi umodzi, kuti anthu asathamangire kuwerenga zimene sunafikepo. Wina akafunsa funso, unkatenga cholembera n'kujambula yankho pompo, anthu n'kumaona chithunzithunzi cha dzanja lako chikuyenda pakhoma. Munthu wolemba mfundo zake pamanja chomwechi ankafika pamsonkhano nkhani yonse ili kale m'mutu.

Kunalinso makina ena a zithunzi zenizeni, timasilaidi ta filimu ya mamilimita 35 toikidwa m'timafelemu ta katoni kapena pulasitiki. Otchuka kwambiri anali a Kodak Carousel, amene anatuluka mu 1961, okhala ndi thireyi yozungulira yolowa zithunzi 80, ina 140. Chithunzi chilichonse chinkalowetsedwa chozondoka kuti chikaoneke choongoka pakhoma, ndipo m'chipinda munkafunika mdima wa bii. Madokotala, amishoni ndi aphunzitsi a m'makoleji ankawakonda kwambiri. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 basi, ndipo unkadikira kuti akaitsuke usanadziwe ngati zatuluka bwino. Kodak inasiya kupanga makinawa mu 2004.

Kumudzi nkhani inali ina. Kumeneko zoonetsa pakhoma zinkabwera ndi galimoto zachikasu za unduna wa zamalimidwe, zimene zinkafika ndi zimkuzamawu, zidole ndi kanema wa zaulimi. Dzuwa likalowa ankaliza jenereta, kukunga chinsalu, mudzi wonse n'kukhala pansi pabwalo. Galimotoyo ikachoka, mlangizi ankatsala ndi njinga yake, magazini ya Za Achikumbi ndi pakamwa pake, ndipo pankapita miyezi kanema asanabwerenso.

Ambiri sadziwa kuti pulogalamu ya pakompyuta ya PowerPoint inabadwira m'nyengo yomweyo ya mapepala apulasitiki. Inatuluka mu 1987, itapangidwa ndi Robert Gaskins ndi Dennis Austin pa kampani yaing'ono ya ku California yotchedwa Forethought. Inkagwira pa makompyuta a Macintosh okha, inalibe mitundu, ndipo ntchito yake inali yokonza masamba oti asindikizidwe n'kukaikidwa pa OHP. Chaka chomwecho Microsoft inagula kampaniyo pa mtengo wa madola 14 miliyoni. Mpaka mu 1992 ndi pamene pulogalamuyi inayamba kutumiza zithunzi kuchokera m'kompyuta kupita ku pulojekita popanda kusindikiza kanthu.

Kuno kwathu zimenezi zinafala cha m'ma 2000, pamene mabungwe anachuluka ndipo maphunziro a masiku atatu kunyanja anakhala chizolowezi. Kunena zoona, nyengo ya laputopuyi ndi imene inaononga kaphunzitsidwe. Makinawo ankakhala patebulo, nthambo yake yabuluu ya VGA inali yaifupi, ndiye wophunzitsa ankamangiririka pakona. Ena ankakhala pansi kuseri kwa laputopu, mawu okha n'kumamveka. Ena ankafulatira anthu n'kumawerenga zapakhoma liwu ndi liwu, pamene omvera anali atawerenga kale mpaka pansi. Popeza tsamba latsopano silinkagulidwanso ndi ndalama, masamba anachuluka, mawu anapanikizana, zilembo zinayamba kuuluka kuchokera kumanzere ndi kumanja. Magetsi akathima, phunziro linkathera pomwepo, anthu n'kuuzidwa kuti akayambe amwa tiyi. Wa mapepala apulasitiki uja magetsi akamuthimira ankangonyamula choko n'kupitiriza pabolodi.

Maganizo oti phunziro lichoke m'kachipangizo kogwira m'dzanja si a dzulo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mafoni amakono asanabwere, anthu amalonda ku America ndi ku Ulaya ankayenda ndi timakompyuta ta m'thumba monga Palm, Handspring Visor ndi Compaq iPAQ. Kampani ya Margi inkagulitsa kachipangizo kotchedwa Presenter-to-Go kolumikizira timakinati ku pulojekita. Unkayamba wakonza masamba ako pakompyuta yaikulu, pulogalamu ina n'kuwasandutsa zithunzi zoima, kenako n'kuwasamutsira m'kamakina kaja. Zinali za anthu ochepa andalama zawo, koma chimene ankafuna chinali chomveka: kusiya chikwama cholemera kunyumba. Mu 2012 Samsung inayesa kuika pulojekita m'kati mwa foni yeniyeniyo, Galaxy Beam, koma kuwala kwake kunali malumeni 15 okha, pamene pulojekita wamba ya mu ofesi imafika cha m'ma 3,000. Masana sinkaoneka kanthu, ndipo foniyo sinapite patali pamsika.

Lero zimene ankalakalaka anthu aja zili m'manja mwa mphunzitsi wa kusekondale, mlaliki, namwino ndi mlangizi. PowerPoint, Keynote ndi Google Slides zonse zimagwira pafoni ndi pa tabuleti. Umalowetsa adaputa kumene umatchajira, mbali inayo n'kulumikiza waya wa HDMI wopita ku pulojekita, zapafoni zija n'kuonekera pakhoma. Kapena umasiya mawaya onse n'kutumiza kudzera pa Wi-Fi, pogwiritsa ntchito kachipangizo konga Chromecast, kamene Google inatulutsa mu 2013. Njira yachiwiriyi ndi imene imandisangalatsa, chifukwa yamasula wophunzitsa pakona paja. Foni ili m'dzanja, iye akuyenda pakati pa mabenchi, akusintha tsamba ndi chala chachikulu, mfundo zake zomukumbutsa zikuoneka kwa iye yekha, maso ali pa anthu. Nkhope ija imene laputopu inaitembenuzira kukhoma, foni ikhoza kuibwezera kwa omvera.

Ndipo kwa wa kumudzi phindu lake n'lalikulu kuposa kwa wa mu ofesi. Mlangizi akhoza kujambula tsamba la chimanga lodyedwa ndi ntchemberezandonda m'munda wa m'mudzi momwemo m'mawa, madzulo n'kulionetsa litakula pakhoma la kalasi, pogwiritsa ntchito kapulojekita ka batire kotchajidwa ndi sola. Alimi akaona kuti mundawo ndi wa mnzawo, mtengo wa mango uli m'mphepetewo akuudziwa, amatchera khutu mosiyana ndi mmene akanachitira ndi chithunzi cha dziko lakutali. Zimene kale zinkadikira galimoto yachikasu ndi jenereta tsopano zikukwana m'kachikwama ka panjinga.

Zovuta zilipo, ndipo ndi bwino kuzidziwa tsiku lisanafike. Si foni iliyonse yokhala ndi pobayira pa USB-C imene imatulutsa chithunzi kudzera pamenepo. Zambiri zotsika mtengo zimangotchaja ndi kusamutsa mafayilo, moti ungagule adaputa yabwino koma khoma n'kukhalabe lopanda kanthu. Mapulojekita ambiri a m'masukulu ndi m'matchalitchi ndi akale, ali ndi pobayira pa VGA pokha pa timabowo 15, ndipo VGA sinyamula mawu, ndiye kanema amafuna sipika yapadera. Ma iPhone anasiya pobayira pa Lightning n'kuyamba USB-C mu 2023, kotero adaputa ya mnzako ikhoza kukana foni yako. Timapulojekita ta batire timafuna mdima, kutanthauza kuti mawindo atchingidwe ndi zitenje kapena mudikire dzuwa lipendeke. Amene amasunga phunziro lake pa intaneti n'kumadalira netiweki ya pamalopo aiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: fayilo ikhale m'foni momwemo musananyamuke. Palinso vuto limene akale sankalidziwa n'komwe. Foni ndi yosunga zinsinsi za mwini wake, ndipo uthenga wa WhatsApp wochokera kunyumba ukhoza kutulukira pakhoma pamaso pa anthu onse ngati sunatseke mauthenga poyamba.

Komabe chimene chimandidetsa nkhawa si mawaya. Ndi kuphweka kwake. Munthu akhoza kulandira masamba 40 pa WhatsApp ali m'minibasi, opangidwa ndi wina ku likulu, m'Chingerezi cha mu ofesi, n'kukawaonetsa kwa amayi a kusikelo iye mwini asanawawerengeko. Kale zimenezi zinali zovuta kuchitika, chifukwa pepala lililonse linkadutsa m'dzanja lako, ndipo kusowa kwa mapepalawo kunkakukakamiza kusankha mfundo zisanu zofunika pakati pa makumi awiri. Akuluakulu aja anali ndi zida zolemera, zotentha, zosachedwa kupserera babu, koma ambiri mwa iwo ankatha kuima pansi pa mtengo popanda chida chilichonse n'kuphunzitsa phunziro lomwelo osaphonya mfundo.

Sindikufuna kuti chimakina cha khosi lalitali chibwerere. Foni ikuchiposa pa kupepuka, pa mtengo, pa zithunzi ndi pa kufika kumene kulibe magetsi. Pempho langa likupita kwa inu aphunzitsi, alangizi ndi alaliki amene mwayamba kuigwiritsa ntchito: usiku woti mawa mukaphunzitsa, tengani kope ndi cholembera, lembani pamanja zimene mukanene, m'chilankhulo cha anthu amene akakumvereniwo. Mukatero sankhani zithunzi zochepa za kwanuko, tchajani foni, yesani adaputa pa pulojekita yeniyeniyo, ndipo mukafika m'holo muimirire pakati pa anthu.