Alonda a Usiku a Mlimi

Mwezi wa Epulo ukafika ku Pretoria, mvula imadukiza, udzu umafiira ndipo madzulo kumayamba kuzizira. Ku Malawi imeneyi ndi nyengo ya masika.

Bambo wina wochokera ku Dedza amalima ndiwo zamasamba pafupi ndi malo osungirako nyama a Rietvlei, kummwera chakummawa kwa mzindawu. Akaweruka amakhala pakhonde. Amaona anamzeze atandandalika pa mawaya, kukonzekera ulendo wa ku Ulaya, uku mbidzi ndi nyumbu zikudya msipu kuseri kwa mpanda.

Mdima ukagwa, agulugufe a usiku amazungulira nyali. Ena a mtundu wawo ndiwo amaikira mazira a mbozi zoononga chimanga, zimene zidafika ku South Africa mu 2017. Posakhalitsa mileme imatulukira ndi kuyamba kuwakha agulugufewo m'malere.

Kenaka kadzidzi amalira. Ali mnyamata, bamboyu ankagenda mbalameyi chifukwa adamva kuti ikalira padenga, pamudzi pagwa maliro. Koma m'mawa wina, pansi pa mtengo umene kadzidziyo amagona, adapeza timibulu ta ubweya ndi mafupa tomwe mbalameyi imalavula. Atatiphwanya, adapezamo zigaza za makoswe, omwe aja amaboola matumba a mbewu.

Madzulo ake adaimbira foni mng'ono wake kumudzi, kumene chimanga chinali pafupi kulowa m'nkhokwe.

"Mtengo wa mphako uja usadule," adatero. "Ndipo uwauze ana aleke kugenda kadzidzi. Ndi mlonda wosalira malipiro."