Kalata yochokera ku Feira

Mphwanga,

Amalume ako ali bwino, kupatula bondo lija. Kuno kwatentha monga udziwira Okutobala wa ku Feira, njovu zalowanso m'madimba a kumtsinje, ndipo nkhani ya mbuzi zija sinathebe. Koma si zimenezi zawakhazika pansi ndi cholembera.

Mnyamata wina wopita ndi nsomba zouma ku Lusaka wabwerako ndi mawu. Akuti unamuuza mosekerera kuti chaputala chachiwiri cha kafukufuku wako wa Achikunda, chija mumati literature review, unachimaliza usiku umodzi, foni ili m'manja, osatsegula buku ngakhale limodzi. Mwina mnyamatayo wathira mchere. Komabe amalume ako tulo sakutiona. Akuopa kuti adzakugwira ndi mawu a eni, ubwere kuno chimanjamanja chaka chomaliza, amayi ako atagulitsa kale zija anagulitsa.

Imva zimene zinawaonekera iwo. Cha m'ma 1970, ali kukoleji ya aphunzitsi, anauzidwa kulemba mbiri ya kwawo. M'laibulale anapeza buku la David Livingstone la 1857, Missionary Travels, mmene muli nkhani ya kufika kwake pano mu Januwale 1856, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Munali mabwinja a tchalitchi, belu losweka, ndi mantha amene mzunguyo anali nawo poona anthu a Mfumu Mburuma atasonkhana ndi zida pamene gulu lake linkawoloka ndi bwato limodzi lokha. Amalume ako anaona ngati atola ndalama panjira. Anakopera masamba anayi ndi dzanja lawo lokongola lija, kusintha liwu apa ndi apo, napereka akunyadira.

Lolemba m'mawa mphunzitsi analowa ndi pepala lawo kudzanja lamanja, buku kudzanja lamanzere. Anawerenga ndime ya m'buku, kenako ya papepala, mokweza, mosafulumira. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Pansi pa pepalalo panalibe malikisi, panali funso limodzi la inki yofiira: nanga anthu a Mburumawo ankaopa chiyani? Amalume ako anabadwira m'dziko la Mburuma lomwelo, koma anali atalemba za makolo awo ngati anthu oopsa a m'tchire, chifukwa choti mlendo wodutsa anawaona choncho. Chowawa kwambiri anachipeza atabwerera kulaibulale. M'buku lomwelo Livingstone anafotokoza za Mtaliyana wina amene anakwera Zambezi ndi akapolo onyamula mfuti nagwira anthu pazilumba. Yankho linali momwemo, m'masamba amene iwo sanawerenge. Mphunzitsi uja anawapatsa mwayi wina. Masiku ano, akumva, kuli makina ofananiza zolemba, ndipo makina sadziwa kuti amayi ako ndani.

Chaputala chako chachiwiri chija uchione ngati bwalo la kwa Mfumu Mphuka. Mfumu simva mboni kuti ingobwereza kuti uyu wati, uyu wati. Imafunsa kuti mboni inaima pati poona zimene ikunenazo, ikugwirizana ndi yani, ikutsutsana ndi yani, ndipo palibe amene wanena chiyani. Iwe ndiwe woweruza, mabuku ndi mboni. Koma woweruza amayamba wadziwa mlandu. Lemba funso lako m'chiganizo chimodzi, ulimate pakhoma. Mwachitsanzo: zinatheka bwanji kuti asilikali aukapolo a m'maprazo, minda ikuluikulu ya Apwitikizi, anthu ochokera m'mitundu yosiyanasiyana, akhale mtundu wokhala ndi mfumu ndi chilankhulo chawo kuno ku Luangwa? Buku losayankhako funsolo ulisiye, ngakhale likome bwanji.

Mboni zako zazikulu zilipo. Malyn Newitt anatulutsa Portuguese Settlement on the Zambesi mu 1973, potsamira kwambiri makalata akale a Apwitikizi. Allen ndi Barbara Isaacman anatulutsa Slavery and Beyond mu 2004, ndipo iwo, kuwonjezera pa makalata, anakhala pansi ndi nkhalamba za m'chigwa cha Zambezi n'kumva za osaka njovu, opalasa mabwato ndi akuluakulu ankhondo onga Kanyemba, amene dzina lake linatsala patsidya apo ku Zimbabwe. Wowerenga makalata a bwana ndi womvera zidzukulu za kapolo sangaone zofanana nthawi zonse. Pamene akusiyanapo, ima pamenepo, ulembe chifukwa chake. Ndime zako ziyende ndi nkhani: chiyambi cha Achikunda, malonda a minyanga, ukapolo, ufumu. Zisayende ndi mayina a olemba ngati kaundula wa sukulu.

Gula kope lachikuto cholimba. Buku lililonse likhale ndi tsamba lake: wolemba, chaka, nambala ya tsamba, mfundo yake m'mawu ako, ndi kumene anatenga umboni. Mawu amene wakopera ndendende uwatsekere m'zizindikiro nthawi yomweyo, chifukwa pakapita miyezi iwiri udzayesa ako, ndipo kuba kwambiri kumayamba motero, munthu asakufuna n'komwe. Laibulale ya UNZA ili pa Great East Road pompo. Ku National Archives kuli makope amene mabwana a Boma ankalembamo za maboma awo nthawi ya atsamunda. Ukafunse za Feira, chifukwa dzina la Luangwa linabwera mu 1964. Ansembe a Chijezuwiti amene anachoka ku Mozambique cha mu 1910 nadzakhazika Katondwe nawonso ankalemba zimene ankaona.

Chaputala cha usiku umodzi chija uchifufute. Lero. Amalume ako sakupempha. Buku limene sunalione ndi maso ako lisalowe m'ndandanda wako, chifukwa mapulogalamu a pafoni aja amatha kupeka dzina la buku, wolemba ndi chaka, zonse zooneka bwino, koma buku kulibe. Mphunzitsi akadzati bwera nalo, udzaloza kuti?

Foniyo sakuida ayi. Ifunse kumene buku lili, kenako upite ukaliwerenge. Ndipo powerenga uziyang'ana pamene onse adumpha. Amalume ako akuganiza za akazi: amene ankalima, kuumba miphika ndi kulera ana pamene amuna anali kuminyanga. Ukapeza kuti mabuku awatchula mongodutsa, kafukufuku wako wapeza poima, ndipo agogo ako aakazi akadali ndi mutu wabwino.

Masau ouma akutumizira pa basi ya Lachisanu. Uyankhe kalata ino usanapereke chaputalacho, ndipo kope lija ubwere nalo pa Khirisimasi adzalione.

Amalume ako,
ku Feira