Phiri la Mulanje ndi Nsanja za Foni

Kwathu ku Mulanje ambiri amaganiza kuti munthu akaimba foni, mawu ake amauluka n'kukatera pa foni ya mnzakeyo. Zoona zake n'zakuti foni imayankhula ndi nsanja yomwe ili pafupi nayo, ngakhale woimbiridwayo atakhala pakhonde lomwelo.

Makampani a foni amagawa dera lonse m'zigawo zing'onozing'ono, monga momwe minda ya tiyi ya ku Lujeri inagawidwira, ndipo chigawo chilichonse chimakhala ndi nsanja yake. Amatero chifukwa mafunde a wailesi amene bungwe la MACRA limapereka kwa kampani iliyonse ndi ochepa. Nsanja ziwiri zotalikirana zitha kugwiritsa ntchito mafunde ofanana popanda kusokonezana, choncho mafunde ochepawo amakwanira dziko lonse.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi momwe mawu amayendera. Foni imadula mawu anga m'tizidutswa n'kutisandutsa manambala 0 ndi 1 okhaokha. Pa njira ya GSM, yomwe TNM ndi Celtel anayamba nayo m'Malawi muno m'zaka za m'ma 1990, mpata umodzi wa mafunde amagawana anthu 8. Aliyense amaponya kachidutswa kake n'kudikira, monga azimayi olandirana pa mjigo, koma kusinthanako n'kwachangu kotero kuti khutu silizindikira. Kuchokera pa nsanja, manambalawo amapita ku makina aakulu a kampani, amene amadziwa kudzera pa simu khadi dera limene foni iliyonse yoyaka ili. Ndikakwera minibasi ku Limbe kudutsa ku Thyolo ndi Luchenza mpaka pa Chitakale ndili pa foni, nsanja zimandipatsirana ngati mwana wa pa zikuku, ine osadziwa kanthu.

Tsono kwathu kuli phiri. Mafunde a foni amayenda pafupifupi molunjika, ndipo mwala wotalika mamita 3,002 pa Sapitwa sangauboole. Mudzi wathu uli m'mthunzi wa phirili. Tili ndi chulu china kuseri kwa tchalitchi chomwe aliyense amachidziwa, ndipo zinsinsi za mabanja ambiri zinaululika pomwepo, chifukwa munthu woyankhula ali pa chulu amakuwa. Ku Muloza vuto lake ndi lina. Mafunde sadziwa malire, choncho foni imatha kugwira nsanja ya ku Milange ku Mozambique mwini wake ali m'munda mwake ku Malawi.

Nsanja imadya magetsi usana ndi usiku. Akazima imadalira mabatire kapena jenereta, ndipo jeneretayo imafuna dizilo wobwera pa msewu. Izi ndinazimvetsa bwino mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala m'mapiri a Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Ndinali ku sukulu. Ndinaimbira amayi kosawerengeka, koma chondiyankha chinali mawu a makina akuti nambalayo sikupezeka. Foni yawo ikanatha kukhala kuti yathera moto, kapena nsanja yafa, kapena zija zomwe sindinkafuna kuziganiza. Makinawo amayankha chimodzimodzi pa zonsezi. Ndalama zoti ndiwatumizire pa foni ndinali nazo, koma nazonso zimadutsa pa nsanja yomweyo.

Patapita masiku, achimwene anga anayenda wapansi, kuwoloka mitsinje yopanda milatho, mpaka foni yawo inagwira kamzere kamodzi ka netiweki. Kuimba kunakanika, koma uthenga wolemba ndi wopepuka, umadutsa pamene mawu alephera. Unandipeza usiku: "Amayi ali bwino, ali kusukulu ndi anthu ena. Nyumba yagwa, munda wapita. Usabwere kaye, njira kulibe."