Mafuta a nyale anathera pa Wallander

Bukuli ndinabwereka kwa mphunzitsi mnzanga ku Ulónguè: A Leoa Branca, lolembedwa ndi Henning Mankell, m'Cipwitikizi. Kukula kwake ngati njerwa. Ndinalonjeza kuti ndiziwerenga masamba khumi okha usiku uliwonse, poti mafuta a nyale ndi odula. Ndinanama.

Mayi wina wogulitsa nyumba wasowa ku Suécia. Wapolisi Kurt Wallander wa ku Ystad, pofufuza, akupeza cala ca munthu wakuda pafupi ndi nyumba yopsa. Iye ali mumdima, koma ife owerenga tauzidwa kale: azungu ena ku África do Sul akukonza zopha Mandela, mu 1992. Ndinkafuna kumukuwira bambo wotopayo, amene ngakhale ndi atate ake okalamba samvana.

Ndikudziwa bwino kuti Mandela anakhala pulezidenti mu 1994. Komabe mtima unali m'mwamba mpaka tambala woyamba.

Amayi a kunyumba anati, "Bambo, mzunguyo adzakugulirani mafuta?" Ndinawayankha kuti mlembiyo anagwira nchito zaka zambiri ku Teatro Avenida ku Maputo, ndiye ndi mnansi wathu. Sanaseke.

Ili ndi lacitatu pa mabuku a Wallander. Awiri oyambawo ndikuwasakabe.