Kodi Nyama za ku Luangwa Tikazione Mwezi Uti?

Mwana wobadwira ku Marapodi amaidziwa njati asanaione. Anaionera pa ndalama ya K100 imene inatuluka mu 2013, monganso anaonera kambuku pa K50 ndi mkango pa K5. Koma nyama zamoyo zimene akumana nazo pakati pa Mandevu ndi Chaisa ndi agalu, nkhuku ndi mbuzi za pamsika. Pamene Azungu akwera ndege usiku wonse kudzaona cuma ca m'nkhalango zathu, ife eni dziko ambiri timakalamba tisanamvepo mvuu ikulira m'mtsinje.

Alipo mabanja m'makomboni muno amene amafuna kucotsa manyazi amenewa. Amasunga ndalama za cilimba caka cathunthu, ena zaka ziwiri, kuti ana akaone nyama ndi maso awo. Ulendo wotere subwerezedwa msanga. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570, ndipo kucokera ku Chipata kutsikira ku Mfuwe, pa cipata ca paki ya South Luangwa, pali enanso oposa 120. Mukalakwitsa mwezi, mudzabwerako mutaona udzu wokhawokha, kapena ana atalefuka ndi dzuwa, ndalama zitapita.

Cinsinsi conse cili pa madzi. Mtsinje wa Luangwa umayenda mokhotakhota pa cigwa cimene eni ake, Akunda, amacicha Malambo, ndipo ukasefukira umasintha njira nkusiya matamanda m'mbali. Mvula ikamagwa, madzi amapezeka paliponse, conco nyama zimabalalika m'paki imene kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Mvula ikaleka, tizithaphwi timauma, kenaka matamanda, ndipo mwezi ndi mwezi nyama zimakankhidwira kufupi ndi mtsinje. Kumene kwasonkhana nswala ndi njati, mikango siikhala patali.

Za dzinja tisatayepo nthawi yambiri. Nzoona kuti cigwa cimakongola, mitengo ya malo ogona imatsika, ndipo mtsinje ukadzaza alendo amayenda pa bwato pakati pa mitengo yomira. Koma dothi la kumeneko ndi makande. Likanyowa limagwira galimoto ngati ulimbo, ndipo misasa yambiri ya m'kati mwa chire imatsekedwa kuyambira Novembala mpaka mvula itatha. Udzu umatalika, udzudzu umaculuka. Ndiponso, ndani wa ku Marapodi angasiye nyumba mu Januwale, madzi ali pakhomo, ana akufuna mayunifomu ndi makope? Sitinaiwale dzinja la 2023 mpaka 2024, pamene odwala kolera anagonekedwa m'bwalo la Heroes Stadium, pafupi ndi ife pomwe pano. Nyengo imeneyo kholo limakhala maso pa ngalande ndi pa madzi akumwa.

Mukafunsa anthu operekeza alendo, ambiri adzakuuzani kuti Okutobala. Ndipo sakunama. Mwezi umenewo Luangwa amasanduka mcenga wotambalala, madzi atatsala m'maiwe owerengeka. Mvuu zimapanikizana mazanamazana pa dziwe limodzi, zamphongo zikulumana kulimbirana malo ozama. Njati zimatsikira ku madzi m'magulu aakulu, fumbi liri koboo, mikango itabisala m'mbali mwa njira zawo. M'zithaphwi zimene zikuphwa, milamba imasowa kothawira, ndipo adokowe, nkhwazi ndi ng'ona zimacita phwando. M'magombe aatali a mtsinje, mbalame zofiira za mtundu wa fulagombe zimakumba mauna zikwizikwi, zikamauluka pamodzi gombe lonse limaoneka ngati layaka moto. Munthu woona zimenezi saziiwala.

Koma Okutobala wa ku Malambo si Okutobala wa ku Lusaka. Ife tili pamtunda, iwo ali m'cigwa, ndipo kutentha kumapitirira madigiri 40. Usiku tulo sitibwera. Khanda kapena gogo amavutika, ndipo ngakhale nyama zomwe zimabisala pamthunzi kuyambira cakum'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ana nawo amakhala ali pasukulu, ena akukonzekera mayeso a kumapeto kwa caka. Pa malimwe pomweponso mpamene matenda a anthrax amakonda kugwira mvuu. Mu 2011 anthu a m'boma la Chama, kumtunda kwa cigwa comweci, anadwala atadya nyama ya mvuu zofa zokha. Wina akakutsatsani nyama yofutsa yosadziwika kocokera, ikaneni. Okutobala tiwasiyire acinyamata ndi ojambula zithunzi.

Kwa banja la ana a sukulu, ine ndikuti Ogasiti. Masukulu amakhala atatsekera, ndipo kuno kwathu ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi, woti munthu sanong'oneza bondo kuusiya masiku anai. Ku cigwa udzu umakhala utagwa, mitengo yambiri itayoyola masamba, maso nkumaona patali. Matamanda aakulu amakhala akali ndi madzi, conco njovu zimabwera kudzamwa ndi ana awo poyera, nyama zisanayambe kuonda. Cakumapeto kwa mweziwo mivunguti imayamba maluwa ake ofiirira. Akagwa pansi, nswala zimabwera kudzatola, ndipo kambuku, podziwa zimenezi, amakagona pa nthambi pamwamba pake. Masana kumafunda bwino, koma m'mamawa pa galimoto yopanda denga kumazizira zedi. Majuzi amene munavala mu Juni musawasiye.

Ogasiti alinso ndi mwai wina. Loweruka lotsiriza la mweziwo kumakhala Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Katete ali pa mseu womwewo wa Great East. Banja lingakwere basi ku Intercity m'bandakuca, kuoloka mlatho wa Luangwa kumene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, kugula nthoci ku Nyimba, kukaona nyama masiku awiri kapena atatu, ndipo pobwerera kuima ku Mkaika. Amene muli ndi abale ku Chipata kapena ku Katete mwapulumutsa kale ndalama za malo ogona usiku umodzi. Mabasi okha ndiwo amadzaza sabata imeneyo. Tikiti yobwerera iguliretuni.

Bvuto la Ogasiti ndi mtengo, pakuti ndiyonso nyengo imene alendo akunja amaculuka. Komabe nzika ya Zambia imalipira ndalama zocepa pa cipata kusiyana ndi mlendo wakunja, malinga ionetse citupa cake ca NRC. Kunja kwa paki, ku Mfuwe, kuli nyumba za alendo ndi malo omangapo matenti amene si a anthu olemera okha. Magalimoto oonetsa nyama amanyamuka m'ma 6 koloko m'mawa, ndi kubwereranso m'paki m'ma 4 koloko madzulo mpaka mdima. Ulendo wa madzulowu, wounika ndi nyali, ndiwo umaonetsa akambuku ndi afisi. Ngati thumba likulola maulendo awiri okha, tengani umodzi wa m'mawa ndi umodzi wa madzulo. Nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft mudzamuona ndithu, ndipo muwauze ana kuti kwina kulikonse pa dziko lapansi sapezeka. Kuyenda pansi m'chire ndi mlonda wa mfuti, kumene kunachukitsa cigwaci kudzera mwa Norman Carr, amene mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kutsegula msasa wa alendo, ana aang'ono saloledwa.

Cenjezo limodzi: njovu sizidziwa malire a paki. Pa cilimwe zimaoloka mtsinje madzulo kulowa m'midzi ya ku Mfuwe, kumene zimaswa nkhokwe, ndipo nthawi zina zimapha anthu. Cimene kwa inu ndi cosangalatsa, kwa mlimi wa kumeneko ndi nkhawa ya usiku uliwonse. Dzuwa likalowa musayende pansi, ndipo mwana asatalikire akulu.

Amene mulibe ana pasukulu, ganizirani masabata oyamba a Novembala, cizimalupsa itangogwa. Chire limaphukira m'masiku owerengeka, nswala zimaswa pafupifupi nthawi imodzi, ndipo mitengo ya malo ogona imayamba kutsika. Ndiyo nyengo imene matondo amapsa, pamene banja lina la njovu limadutsa pakati peni peni pa cipinda colandirira alendo ca Mfuwe Lodge kutsata mtondo umene uli kuseri kwake. Mwezi womwewo ku Kasanka, kupitirira Serenje, mileme mamiliyoni imasonkhana m'kankhalango kamodzi kudzadya masuku ndi zipatso zina. Kungoti Novembala ndi wa mwai: mvula ingafulumire nkutseka njira, kapena ingacedwe nkukusiyani m'ng'anjo ya Okutobala. Cilala ca 2024 cinationetsa kuti kalendala ya mvula siyodalirika ngati kale.

Nanga cilimba cikapanda kukwana? Kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda wathu kuli Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015. Mulibe mikango, koma muli mbidzi, nyamalikiti, nchefu ndi nyumbu, ndipo kuyambira 2022 ndi kumene amalererako ana a njovu amasiye amene kale anali ku Lilayi. Mabanja angapo angasonkherane minibasi, kunyamuka ku Marapodi m'mawa ndi kubwerera dzuwa lisanalowe. Kumenekonso miyezi yopanda mvula ndiyo yabwino, ndipo mufike m'mawa nyama zisanalowe m'mithunzi. Ana a njovu amaonetsedwa pa nthawi yoikika yokha, pamene akumwa mkaka, conco mufunsiretu ola lake musananyamuke.